Dontho la pa Mzuli wa Uladi

Ku Chowe, mvula ikakhazikika, amuna anzawo ali kalikiliki ndi makasu, Che Abudu ankakwera phiri kukaona masamba odwala. Sanali sing'anga ayi. Anali wosoka mizuli, tizipewa toyera timene amuna amavala popita ku mzikiti, ndipo zokongoletsa zonse za pa mizuli yawo ankakazitenga kuthengo.

Munthu wina akaona tsamba la msuku kapena la mpoza lili ndi mawanga amangodutsa. Iwo ankaima. Ankalithyola, kulikweza kudzuwa, n'kumayang'ana mmene kadontho kakuda kakhalira pakati, m'mbali mwake mofiirira, kunja kwake kamzere kachikasu. Pena timadontho tinkandandalika motsata mtsempha wa tsamba, pena tinkakumana n'kukhala banga limodzi lalikulu. Ankakhala pamwala mpaka nkhungu kuwakuta, malaya kunyowa, iwo osadziwa n'komwe. Nkhunguyo ikang'ambika, kumunsi kutali Shire ankaoneka ngati ulusi wogwera pansi, ndipo apo m'pamene ankakumbuka kuti kuli kwawo.

Mlangizi wa zaulimi, a Fanwell a ku Ntcheu, anawauzapo kuti mawangawo ndi matenda, mtundu wa chuku umene umamera pa tsamba lamoyo n'kumalidya pang'onopang'ono, ndipo umafala ndi mphepo ndi madontho a mvula. Che Abudu sanatsutse.

"Koma kamadya mwaulemu, bambo alangizi," anatero. "Kakadya kamasiya mbale itakongoletsedwa."

Tsiku lina anyamata a Yufi, amene ankayendera makadi a chipani pa chipata cha msika wa Namwera, ataona khadi la Che Abudu, anapisa m'thumba mwawo n'kupezamo masamba okhaokha. Anawafunsa mafunso mpaka dzuwa kufika paliwombo, kenako anawasiya, akuti mkuluyu mutu suyenda bwino. Mkazi wawo, Abiti Jaffalie, atamva anaseka mpaka kugwira nthiti. Iwo ankanena poyera kuti anakwatiwa ndi mbuzi, yongoona tsamba n'kuima. Kunena zoona, munda wa banjalo unkalimidwa ndi mayiyo, ndipo pa khasu Che Abudu anali mlesi wotheratu. Koma Lachisanu, amuna akamatuluka mu mzikiti, theka la mitu linkakhala litavala masamba a m'phiri la Chowe, ndipo Abiti Jaffalie ankanyada nazo ngakhale sankafuna kuonetsera.

Chaka chimene mwana wawo Uladi, msodzi wa ku Nkopola, anapeza mbeta, Che Abudu anamulonjeza mzuli wovala pa ndowa, ukwati wa Chisilamu, wosafanana ndi wina uliwonse. Koma maso anali atayamba kale kuwavuta. Kulowetsa ulusi m'singano kunkawatengera nthawi, iwo n'kumanamizira ulusi wa masiku ano kuti ndi wonenepa. Mumtima ankaopa chinthu chimodzi: kuti maso awathera mzuli usanathe, mwana wa wosoka mizuli n'kukwatira atavala wogula m'sitolo.

M'mawa wina anakwera phiri kukafuna tsamba loyenera. Analipeza msanga. Dontho lake linali lachilendo, lotuwa pakati, m'mphepete mwake mukuyendayenda ngati utsi. Atatembenukira ku mpoza, analipezanso. Pa mombo linalipo, ngakhale pa udzu umene suchita mawanga otere. Phiri lonse linali litadwala nthenda imodzi yokongola, ndipo iwo ankayenda pakati pake mwakachetechete, mtima uli mbee. Anadzaza thumba n'kutsika mothamanga ngati mnyamata.

"Abiti Jaffalie, tabwerani muone. Chaka chino phiri latikomera mtima."

Mayiyo anapukuta manja pa chitenje, natenga tsamba limodzi, kulitembenuza, kutenga lina, kulitembenuzanso. Anakhuthula thumba lonse pa mkeka. Sanaseke.

"Che Abudu, masambawa ndi abwinobwino. Palibe banga ngakhale limodzi."

Che Abudu anayang'ana nsalu yoyera imene anaikonzera mzuli wa Uladi, ndipo dontho linali pomwepo. Anayang'ana khoma, dontho nalo linasamukira pakhoma. Anatseka diso lamanzere, dontho osachoka. Anatseka lamanja, likadalipo, lochepera pang'ono. Anakhala pansi. Anachita mantha kwambiri.

"Musamuuze Uladi," anatero patapita nthawi. "Tandilowetserani ulusi."

Anasoka dontho lomwelo, poti ndi limene phiri linawapatsa. Vuto linali lakuti paliponse pamene ayang'ana, dontho linkabisa nsonga ya singano. Ndiye anaphunzira kuyang'ana pambali pang'ono, singano n'kumaionera kumphepete kwa diso, zala zikuwerenga zotsalazo. Ankakhala pakhonde kuyambira dzuwa likamatuluka, nkhope ataipendeketsa ngati nkhuku yoona kabawi. Abiti Jaffalie anasiya munda kumera udzu, n'kukhala nawo pamkeka, kulowetsa ulusi wotuwa, wofiirira, wachikasu, ndi kuwauza pamene mzere wakhota. Odutsa m'njira ankati banja lija tsopano ulesi lapatsirana. Mvula inkagwa ndi kukata, masuku n'kutha m'thengo, dontho likukulirakulira. Mzuli unatha ndowa itatsala pang'ono.

Tsiku la ndowa, shehe atamaliza mapemphero, Uladi anabwera kudzagwada pamaso pa bambo ake, atavala mkanjo woyera ndi mzuli watsopano. Anthu ankanong'onezana za kukongola kwake, ena akufunsa kuti tsamba lotere limapezeka phiri liti. Che Abudu anadzutsa mutu. Anaona mapewa a mwana wawo, anaona manja ali pamaondo, koma nkhope ndi mzuli zinali kuseri kwa dontho.

"Uladi, mwanangu, usagwade kutsogoloko. Sunthira kuno, kumbali kwangaku."

Uladi anadabwa, koma anasuntha. Bambo ake anatembenuzira nkhope ku mtengo wa mango umene unali kuseri kwa mzikiti, n'kuuyang'anitsitsa nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Eya," anatero. "Wakukhala. Usasunthe kaye, ndikufuna ndikuone bwinobwino."