Matope a ku Skegness

Fungo la nsomba pamsika wa Leicester limandikumbutsa tsiku lomwe adadi anatitengera kunyanja ku Skegness. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku Zomba. Mng'ono wanga Tadala anabadwira konkuno kudziko la Angerezi.

"Madziwa afiirira chifukwa chiyani?" adadi anafunsa.

"Ndi auve, anthu amachapiramo," ndinatero.

Tadala anaseka, n'kufotokoza m'Chingerezi kuti madzi akamayenda amavundula matope a pansi, n'kukweza chakudya cha tizomera tomwe timadyetsa nsomba. Adadi anamunyamula paphewa, akumutchula dokotala.

Mtima unandiwawa. Ndinalowa m'madzi ozizirawo n'kuyamba kuvundula matope ndi mapazi, kuti nsomba zonse ndizidyetse ndekha. Miyendo inachita dzanzi, koma palibe anacheuka.

Adadi anamwalira akukhulupirirabe kuti ndinali mwana wokonda kusewera m'madzi.