Fabiano Atatula Ukapitawo

Inu amene mumadzuka m'mawa muli otopa kale, imvani za Fabiano. Ine nkhani yake imandigwira mtima chifukwa anagwa ali pamwamba, anzake akumusirira.

Tsiku lina m'zaka za m'ma 1930, Fabiano anaweruka pa esiteti ya tiyi ku Thyolo n'kupeza m'nyumba muli zii. Mkazi wake Teleza anali atatenga mwana wawo Lestina n'kubwerera kwa amayi ake ku Changata. Uthenga anausiya kwa mnansi: "Akuti mukawafuna mukawapeza kwawo, koma ukapitawo muusiye kuno."

Fabiano anakhala pansi pakhomo. Makolo ake anachokera ku Mozambique chimanjamanja, iye n'kuyamba ntchito yozula udzu m'mizere ya tiyi, mpaka anakwera kukhala kapitawo woyang'anira othyola. Zaka zonsezo sanapumepo. Mzungu woyang'anira esitetiyo akamukalipira m'mawa, iye ankakalipira othyola masana, ndipo mkwiyo wotsala ankabwera nawo kunyumba. Tulo tinamuthawa. Lestina akamva mapazi a bambo ake ankathawira kuseri kwa nyumba.

Anapita kwa mzungu kukapempha kuti apumeko chaka chimodzi.

"Wadwala?" anafunsa mzunguyo.

"Thupi silikupweteka, bwana, koma ndatha."

"Ukachoka, mawa ndiika wina. Nyumba ijanso utulukemo."

Anzake anamuseka kuti wadyetsedwa mankhwala, poti mwamuna weniweni sataya ukapitawo chifukwa cha mkazi. Iye anamanga kamtolo kake n'kuuyamba wapansi.

Ku Changata anali mkamwini wamba. Teleza anamulandira, anamuikira madzi osamba, koma mawu anali ochepa. Ankamuyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira galu amene anamulumapo.

Mvula itagwa, udzu unakula m'munda mwa apongozi ake, ndipo apongoziwo anaitana dima. Dima ndi pamene anansi amabwera ndi makasu awo kudzathandiza kupalira, mwini munda n'kuwakonzera thobwa. Anthu anabwera ambiri, nyimbo ili pakamwa. Fabiano, mwachizolowezi, sanagwire khasu. Anakwera pachulu, manja kumbuyo.

"Changu pamenepo! Mzere uwo mwasiya udzu! Iwe, wakuuza ndani kuti ukhale pansi?"

Amene anawatchula kuti iwe anali amalume ake a Teleza, eni mbumba. Nyimbo inaduka. Mkuluyo anadzuka, anaika khasu paphewa n'kumapita, ndipo ena onse anamutsatira. Thobwa linasasa mumitsuko osamwedwa. Apongozi tsiku limenelo sanatuluke m'nyumba ndi manyazi.

Mlamu wake Stafford anamukokera pambali. "Alamu, kuno si ku esiteti. Palibe amene mungamuchotse ntchito. Anthu aja anabwera chifukwa chotikonda."

Koma amene anamulasa ndi Teleza. "Bambo a Lestina, mwayenda mtunda wonsewu kudzatikalipira kwathu? Ngati ndi choncho, bwererani. Ine sindibwerera."

Apa ambiri tikanapsa mtima n'kuchoka. Fabiano analira, mwamuna wamkulu, mwana wake akuona. Anazindikira kuti kusiya ntchito n'kosavuta, koma kusiya zimene ntchito yakusandutsa ndiye nkhondo.

Munda uja anaupalira yekha mpaka m'manja munachita matuza. Kenako anagwira nkhuku n'kukagwada pakhomo pa amalume, ndipo anayenda nyumba ndi nyumba kupepesa. Ena anamulandira, ena anangomuyankha ali m'kati.

Atakolola ndi pamene anapuma zenizeni. Ankagona mpaka dzuwa kutuluka, chinthu chimene sanachichitepo chikulire. Poyamba ankadzidzimuka, akuganiza kuti wachedwa, kenako thupi linazolowera kuti palibe akumuthamangitsa. Amalume aja anayamba kumuphunzitsa kuluka madengu. Fabiano ankathyola nsungwi chifukwa cha phuma, mkuluyo n'kumangoseka: "Akapitawo, nsungwi siimva kukalipa." Lestina ankaonerera chapatali. Tsiku lina anasendera n'kumugwirira nsungwi, ndipo bambo ake anangopitiriza kuluka poopa kumuthawitsa.

Dzinja lotsatira anapita ku dima la aliyense amene anaitana, khasu paphewa. Ankasankha mzere wa udzu wambiri. Akatsiriza ankabwerera kukathandiza wotsalira, ndipo anthu ankamulimbirana kuti alime pafupi nawo.

Mbiri imeneyi inafika ku esiteti. Kumeneko ankatsegula munda watsopano wa tiyi, koma antchito ankangothawa. Mzungu anatuma munthu kuti Fabiano abwerere pa ukapitawo, nyumbanso ilipo.

Fabiano wakale akanangolamula kuti katundu amangidwe. Uyu anapita pamene Teleza ankasenda chinangwa n'kukhala pansi.

"Mayi a Lestina, andiitana. Ndikufuna ntchitoyo, sindinama, ndipo tsopano ndikudziwa kuigwira mosazunza munthu. Koma mukakana sindipita. Mukuti bwanji?"

Teleza anaika mpeni pansi. Anamuyang'ana, misozi ikulengeza.

"Chikwatirane, lero ndi koyamba kundifunsa maganizo anga," anatero. "Kauzeni kuti tikubwera tonse atatu."

Anabwerera pa ukapitawo ndi banja lake, ndipo antchito analeka kuthawa.

Inu amene ntchito yakuumitsani mtima, musadikire kuti m'nyumba mwanu muyambe kukuopani. Kupuma si ulesi, ndipo kutula udindo kwa kanthawi si kugonja. Akusekani, mwina malo anu apatsa wina, komanso mukafika kopumirako mudzalakwitsa ngati Fabiano. Musabwerere m'mbuyo chifukwa cha zimenezo. Imani kaye, mudzikonze, ndipo mtima musautaye, poti ntchito imapezekanso koma anthu okukondani sadikira mpaka kalekale.