Pulogalamu Yopupuluma ya Quyen

Quyen atatopa ndi ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta mumzinda, anabwerera kwawo ku Hong Ngu n'kupeza mchimwene wake Luc atasanduka kapolo wa milamba. Mpweya ukachepa m'dziwe nsomba zimafa, ndiye mkuluyu ankangokhalira kuzungulira dziwe lakelo, kudya komwe choimirira. Quyen zinamumvetsa chisoni.

Anamiza m'madzi kachipangizo koyeza mpweya, n'kulemba pulogalamu yoti mphindi iliyonse izifunsa kachipangizoko mmene zinthu zilili, ndipo mpweya ukatsika iziyatsa makina ovundula madzi. Zinayenda bwino mpaka tsiku limene kunagwa chimvula, netiweki n'kuyamba kukwawa. Pulogalamuyo inalibe ulemu. Mphindi ikangokwana inkatumiza funso lina, loyamba lija lisanayankhidwe. Mafunso anaunjikana, mayankho akale n'kumafika pambuyo pa atsopano, makina akumayaka ndi kuzima ngati apenga. Milamba yodzaza beseni inayandama mimba zili m'mwamba.

"Asukulu inu," anatero Luc, "kompyuta yanuyi mwaiphunzitsa kuweta nsomba kapena kukazinga?"

"Pepani achimwene. Yalakwa si kompyuta, ndine."

"Ndiye zula zinthu zakozi. Miyendo ndikadali nayo."

"Mundipatseko mvula imodzi yokha. Ikafa nsomba ina, ndizula ndekha."

Luc sanavomere, komanso sanakane, ndipo kwa munthu wouma mutu ngati iyeyu kumeneko ndiye kuvomera.

Quyen anakhala pakhonde laputopu ili pamiyendo, mtima ukumuwawa, chifukwa cholakwacho chinali chachibwana. Anasintha mizere yochepa chabe. Tsopano pulogalamu ikafunsa inkadikira yankho, kupuma kaye, kenako n'kufunsanso. Yankho likachedwa mopitirira, inkalitaya funsolo n'kuyatsa makina osadikiranso, poti kuli bwino kuwononga magetsi kusiyana ndi nsomba.

Mvula ina inawapeza akudya masana, mpunga ndi msuzi wowawasa. Malata atayamba kulira, Luc anaika mbale pansi n'kudzambatuka, dzanja lili kale pa chipewa. Quyen anayang'ana foni yake, netiweki inali itathawa.

Kenako kudziwe kunamveka makina akuyamba kuvundula madzi. Anamvetsera onse awiri, kudikira kuti azima. Sanazime.

Luc anaima pakhomo kanthawi. Kenako anakoleka chipewa chija pamsomali, n'kukhala pansi.

"Iwe, tandiwonjezere mpunga," anatero.