Sikelo Yomwe Ndinagwetsa

Kanyumba ka sikelo tinamanga tokha, amayi a m'mudzi mwathu kumtunda kwa Kande. Njerwa tinaumba, mchenga tinasenza pamutu kuchokera kunyanja. A bungwe lina anabweretsa malata, chitseko ndi sikelo yopachika yoyezera ana. Ine ndinatuta njerwa ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, ndikuganiza kuti sindidzayenda mtunda wa ku Chintheche mwana ali kumsana.

Poti sindiyankhula pagulu, anandipatsa ntchito yosesa ndi kupukuta. Tsiku lina ndikupukuta sikeloyo inandipulumuka, n'kugwa pasimenti. Inang'aluka kumbuyo, koma muvi wake unkayendabe bwinobwino. Ndinang'amba kansalu kumapeto kwa chitenje changa chobiriwira, ndinamata pong'alukapo ndi utomoni wa mphira, n'kuipachikanso mbali yomatayo itayang'ana kukhoma. Sindinauze munthu, ngakhale amuna anga.

Akuba anayamba ndi chitseko. Kenako anakanganula malata a mbali ya kumsewu, pomaliza anatenga sikelo. Chaka chomwecho anali atazula kale mapaipi a mjigo wa kusukulu. A bungwe atamva anati saikanso kanthu kudera komwe zinthu zikusowa chonchi, ndipo nkhani ya chimbudzi chomwe analonjeza inathera pomwepo. Alangizi a zaumoyo, bambo wa kuchigawo chapakati amene ankabwera panjinga mwezi uliwonse, anati popanda sikelo alibe chobwerera.

Nthawi imeneyo mwana wanga anali atangochira kutsegula m'mimba. Ndinkamunyamula m'manja m'mawa uliwonse kuyesa kulemera kwake, osadziwa ngati akupepukadi kapena ndi mantha anga chabe. Khadi lake linakhala miyezi itatu losalembedwa.

Pokolola mpunga, apongozi anga aakazi ananditenga ku Limphasa kukathandiza achemwali awo. M'mbali mwa msewu bambo wina wogula mpunga anali atapachika sikelo pamtengo wa mango. Atatsitsa thumba, sikeloyo inazungulira, ndipo ndinaona kansalu kobiriwira.

Ndinaima. Kunena kuti ndi yathu kunali kuululanso kuti ndinaigwetsa ndine.

"Ama," ndinanong'oneza apongozi, "sikelo yathu ija ndi iyo."

"Sikelo zonse zimafanana, mkamwana. Tiyeni, dzuwa lakwera."

Sindinasunthe. Iwo anandiyang'ana, poti sanandionepo ndikukana chinthu. Kenako anapita kwa bamboyo.

"Ada, tingaone kumbuyo kwa sikelo yanuyo?"

"Mukugulitsa mpunga kapena mwabwera kudzayendera masikelo?" anatero bamboyo, amayi omwe anali pamzere n'kuseka.

"Akuti ndi ya ana athu, inabedwa ku Kande."

"Akutero ndani? Awa osayankhulawa? Yalembedwa dzina lawo?"

Ndinatsitsa mwana, ndinam'patsira apongozi, n'kutambasula chitenje chobiriwira chija, chomwe ndinam'berekera. Pong'ambika paja ndinapagundanitsa ndi kansalu komata. Maluwa ake anakumana.

"Ndinaigwetsa ine," ndinatero, maso ali pansi. "Ndinamatanso ine."

"Ha! Moti chaka chonse mumangosesa muli phee, chonsecho munaswa katundu wa bungwe?" anakuwa apongozi. Mzere wonse unafa ndi phwete. Mayi wina wa kwathu amene anali pamzerepo anati, "Mukanaswanso malata, bwenzi titawapeza!"

Bamboyo sanaseke. Anati anagula kwa munthu wongodutsa ku Mpamba, ndipo za apolisi sakuzifuna. Anaimasula yekha pamtengo. Apongozi anangothokoza kuti yewo, n'kuiika mu dengu pansi pa mpunga.

Mwezi wotsatira alangizi anabweranso. Anaitembenuza, anaona kansalu kaja, anati, "Mayi, mukanandiuza kalekale," basi. Anaiyesa ndi paketi ya shuga, n'kupeza kuti ikunena zoona. Woyamba kukwera anali mwana wanga. Anali atatsikadi, kadontho kake ka pakhadi kanagwera pansi pa mzere. Anatilembera kalata yokalandira chiponde, ndipo pofika nthawi ya mvula anali atabwerera m'malo mwake.

Malata sanapezeke mpaka lero, ndipo a bungwe sanabwerenso. Ana timayezera pansi pa mtengo pafupi ndi makoma opanda denga aja. Sikelo sigonanso kumeneko. Amayi anagwirizana kuti izikhala kwa ine, akuti poti ndine ndimaidziwa kumbuyo kwake. Ndimaikulunga m'chitenje chobiriwira chija n'kuiika mu ndowa ya ufa wa kondowole.