Ngumbi za ku Isando

Ntchito yanga yoyamba ku Joni anandipezera a Mbewe, alamu anga, omwe ankandisunga ku Katlehong. Inali ya ulonda pamalo osungira katundu ku Isando. Anandipatsa tochi, chibonga ndi wailesi ya m'manja. Lamulo linali lakuti pageti osachokapo, pokhapokha pozungulira mpanda.

Tochiyo sindinaiyatsepo. Pabwalo panali magetsi akuluakulu oyaka usiku wonse, ponse mbee ngati masana. Ena ankaloza kumwamba, kaya ankalondera ndege. Nyenyezi sizinkaoneka, ndipo ndinkazisowa.

Mvula yoyamba itagwa, ngumbi zinatuluka. Abale inu, ngumbi za Isando yense zinathamangira pa magetsi athu! Mtima wanga unalephera kupirira. Ndinasiya geti, ndinatenga ndowa ya amayi okolopa n'kuthiramo madzi, tsache m'manja, ine kalikiliki kusesa. M'mawa a Mbewe anazikazinga, ndipo Amalawi a mumsewu mwathu tsiku limenelo ankandipatsa moni ndi manja awiri.

Mawa lake abwana anandiitana mu ofesi. Makamera ndinali nditawaiwala. Pa kompyuta panali mlonda wawo akudumphadumpha ndi tsache, geti lili lokha. Mwezi usanathe ntchito ithe, ndikawauza chiyani alamu?

"Unkamenyana ndi ndani?" anafunsa abwana.

Ndinawauza kuti ndi ndiwo. Anabwereza kanemayo atagwira pakamwa kuti asaseke. Kenako nkhope inasintha. Sankayang'ananso ine, ankayang'ana magetsi aja akuwalitsa mitambo ndi bwalo lopanda kanthu.

"Ndiye kuti magetsi onsewa amayakira ndiwo zako?"

Anandikalipira za geti, koma sanandichotse. Sabata yomweyo amisiri anabwera. Magetsi ena anawazula, otsalawo anawaweramitsa kuti aziunika pansi, n'kuikamo kachipangizo koti aziyaka munthu akadutsa basi. Tochi yanga inayamba kugwira ntchito, ndipo nyenyezi zingapo zinabwerera.

A Mbewe mpaka lero sanandikhululukire. Amauza aliyense kuti ndinaononga munda wa anthu onse.

Ine ndinatolapo zakuti getsi liziunika pamene pali munthu, osati kumwamba. Babu la pakhomo panga ndimazimitsa ndekha ndikamakagona, ana anga amadziwa. Koma mvula yoyamba ikagwa, amene angakhudze swichi ija tidana.