Benchi ya Mayi Khalakaye

Mayi amene tawaika m'manda sabata yatha, mpingo wonse unkawadziwa ndi dzina limene ana asukulu anawapatsa: Mayi Khalakaye.

Anabadwa achibwibwi. Ali mwana, mawu ankawakakamira pakhosi, anzawo n'kumaseka. Bambo awo, okonza mawotchi, ankangoti, "Mulungu sali pachangu, mwanawe. Ika dzanja pachifuwa, koka mpweya katatu, kenako lankhula." Chibwibwi chinachepa, koma chizolowezicho chinatsala.

Sukulu anaisiyira panjira mayi awo atamwalira, kuti alere azing'ono awo anayi. Pambuyo pake anaphunzira kutaipa, n'kulembedwa ntchito ya ulembi pasekondale, kumene anagwira zaka makumi atatu. Kutchalitchi ankafika ola lathunthu mapemphero asanayambe, n'kungokhala chete. Ena ankayesa akuwodzera. Iwo ankati, "Ndikumvetsera. Nthawi zambiri ife timangowauza Ambuye zochita."

Pafupi ndi tebulo lawo panali benchi imene ana olakwa ankadikirirapo kulowa kwa ahedi. Mwana ankafika akupumira m'mwamba, mlandu ali nawo kale kukamwa. Mayi osadzutsa mutu ankangoti, "Khala kaye. Tseka maso. Ukumva chiyani?" Mwanayo ankayamba kutchula: wotchi yapakhoma, tsache panja, choko pabolodi. Pofika pakhomo la ahedi, moto unali utazilala. Ana ena, akamaopa mayeso, ankabwera okha kudzakhala pabenchipo osalakwa kanthu, mpaka olakwa enieni n'kusowa malo.

Chaka chomaliza cha ntchito yawo kunali mtsikana wa Fomu 4 amene anzake ankamutcha Tsabola. Anali wanzeru, koma pakamwa pake panalibe mabuleki. Kutatsala masabata atatu kuti alembe mayeso, anang'amba kope pamaso pa mphunzitsi wa masamu amene anamunyoza m'kalasi. Linali chenjezo lake lachitatu. Ahedi anatuluka mu ofesi nkhope itachita mdima.

"Mayi, taipani kalata yomuchotsa. Mukamaliza alowe adzatenge."

Mtima wa Mayi unawawa, chifukwa ankadziwa kuti kalata imeneyo ikatuluka, mwanayu mayeso sawaona. Kukana sakanakana, ndipo bodza sankalidziwa. Koma tsiku limenelo, mayi amene ankataipa ngati mvula padenga anataipa ndi chala chimodzi.

"Ukumva chiyani?" Mayi anamufunsa Tsabola, amene ankadikira pabenchi paja.

"Palibe. Angondichotsa basi, ndatopa nawo."

"Akuchotsa ndithu, kalata ndi iyi. Koma sinathe. Mvetsera."

"Makina anu," anatero Tsabola. "Mukuchita dala."

"Zala zakalamba. China?"

"Mtima wanga. Ukugunda m'makutu."

"Usiye ugunde. Usaukalipire, ungouperekeza."

Ahedi anasuzumira. "Kalata ija?"

"Ikubwera, bwana."

Atasuzumira kachitatu analephera kupirira, n'kumuitana mwanayo kalata isanathe. Mayi anaika dzanja pachifuwa, akupemphera chamumtima. Kudzera pachitseko anamva ahedi akukalipa, akukalipabe, kenako chete. Apa m'pamene Tsabola ankaphulikira nthawi zonse. Anamva mwanayo akukoka mpweya, kenako mawu otsika: "Ndalakwa, ahedi. Zimene anandinena zinandipweteka, koma kope sindikanayenera kung'amba."

Ahedi anatuluka akukanda mutu. "Mwafika pati?"

"Pa deti, bwana."

"Isiyeni. Akasese laibulale sabata yonse."

Mayi anachotsa pepalalo m'makina, ndipo pambuyo pake anavomera okha kuti misozi inagwa.

Atapuma pantchito, maso anayamba kuchita khungu, miyendo nayo n'kukana. Sanadandaule. Ankakhala pakhonde, achinyamata a mumpingo n'kumabwera kudzakhala nawo, ena osanena kanthu mpaka kutsanzika. Anatisiya Lachiwiri m'mawa, atangolandira mgonero, ali pampando wawo. Mdzukulu wawo anayamba wawafunditsa nsalu, poyesa agona.

Pamaliro panaimirira mayi wina wovala bwino, mphunzitsi wamkulu wa sekondale ina. Ambiri sanamuzindikire mpaka atanena yekha kuti ndiye Tsabola uja.

"Ndakhala hedi zaka khumi ndi ziwiri," anatero. "Ana andikwiyitsa kosawerengeka. Koma sindinasainepo kalata yochotsa mwana tsiku lomwe walakwa. Ndimagona nayo kaye. Zambiri kukacha ndimang'amba."