Kapeti Wodulidwa Chagada

Amene anamulakwira mng'ono wanga ndi mlamu wake, ndipo sindinena mobisa. Maluwa apamanda a mwamuna wake asanafote, bamboyo anabwera ndi lole, n'kutenga mipando, firiji ndi galimoto yabwino. Anasiya chigalimoto chakale cha malemu.

"Icho nkhuku zako zizigonamo," anatero.

Inenso ndine wamasiye, ndiye inu ofuna chilimbikitso khalani pansi mumve.

Injini inali yamoyo, koma m'kati munali manyazi okhaokha. Kapeti anawola ndi madzi amvula, nsalu ya kudenga inkagwera pamutu, zitseko zili lendelende. Kuyendetsa mng'ono wangayo ankatha, ndipo kusukulu ya mkaka ankafuna munthu wonyamula ana. Ntchito imeneyo ndiyo ikanadyetsa ana ake. Ahedi a pasukulupo analowetsa mutu pawindo n'kuutulutsa msanga.

"Mayi, mumanyamulamo mbuzi? Ikakhala chonchi potsegulira sukulu, ndipatsa wina."

Wokonza mipando anatchula mtengo woti munthu ukomoke. Mng'ono wanga anangomanga nsalu m'chiuno, n'kukabwereka sipanala kwa amakanika oyandikana naye.

Anamasula mipando yonse n'kuiyanika padzuwa. Atakanganula kapeti anapeza dzimbiri. Analipala mpaka zala kutuluka matuza, anamata kabowo kolowera madzi, n'kupaka penti. Ine ndinanyamula chikapeti chonunkhacho kuti ndikachitaye kudzala.

"Achemwali, bwezani! Ndiyezera chiyani?"

Anapeza chidutswa cha kapeti chotsala kwa anthu oyala m'maofesi, chongokwanira ndendende. Poopa kudetsa ubweya ndi choko, anachiyala chafufumimba, n'kuika wakale uja pamwamba chagada. Anajambula bwinobwino, anadula akuimba nyimbo.

Poyala m'galimoto, mpata wa mabuleki unapezeka kumbali ya pasenjala.

Amakanika anaseka mpaka kugwira tayala. "Palibe vuto, mayi. Tingosamutsa chiwongolero, muziyendetsera uko."

"Sekani, bambo. Mukamaliza mundipatse chubu chakutha chija."

Sindikunamizani, misozi inalengeza m'maso mwake. Kapeti wina panalibe, ndipo sukulu inali pafupi kutsegulira. Koma anadula mipata yatsopano kumbali yoyenera, ndipo pamene analakwitsa paja anasokererapo mphira wa chubu ndi ulusi wosokera nsapato. Anaika wina mbali ya dalaivala kuti zifanane. Zinaoneka ngati anachitira dala, popondapo nsapato zamatope.

Denga nalo linamuvuta. Anamata nsalu pamwamba pa siponji yakale yofumbutuka, kutacha yagwanso. Anachotsa denga lonse, anapala siponjiyo mpaka mbee, n'kumata katani yakuchipinda kwake, kuyambira pakati kupita m'mbali, akusalaza ndi chikhatho. Zotchinga za m'kati mwa zitseko anazikanganula ndi supuni yokulunga kansanza kuti timapini tozigwira tisathyoke. Tiwiri tinathyokabe. Ine ndiye ndinathyola.

"Achemwali, inu ntchito yanu ikhale yolalata basi," anatero. Ndinavomera, chifukwa imeneyo ndimaitha.

Tsiku loonetsa, ahedi anatsegula chitseko atagwiriratu mphuno. Anaisiya pang'onopang'ono. Anayang'ana kudenga, anasisita kapeti, kenako anayang'ana nsapato zawo. Anabwerera pa kapinga n'kuzipukuta kaye asanalowe.

"Mwakonzetsa kuti?"

"Pakhomo panga, ndi manja awa."

"Lolemba mulawire. Koma muwauze anawo asamadyeremo."

Lero m'mawa uliwonse galimoto ija imadutsa itadzaza tiana tikuimba, ndipo ana ake amapita kusukulu atakhuta. Madalaivala a matakisi ayamba kuima pakhomo pake, makapeti awo ali m'manja. Iye amayamba wawauza kuti wakaleyo asataye.

Tsono inu amene mwakhala pakhonde kuwerenga zimene anakulandani, osataya mtima. Wolanda amatenga zonyezimira, manja anu sangawakweze pa lole. Mudzadula molakwika, anthu adzaseka, mudzasoka chigamba n'kupitirira.

Mkazi uyu anayamba ndi sipanala yobwereka. Inu chakukanikani n'chiyani? Musandiyang'ane ngati simunamve. Ndiyankheni.